Mbale ya Pansi pa Zenera

Mphakayo ankatchedwa Phulusa chifukwa cha mtundu wa ubweya wake, ndipo mwini wake ankatchedwa Kachete chifukwa cha pakamwa pake. Mayina onse awiriwa anachokera kwa munthu mmodzi, bambo ake a mtsikanayo, nthawi ija adakali dalaivala wa basi, munthu wanthabwala amene ankalowa pageti akuimba mluzu, a m'nyumba n'kudziwiratu kuti eni ake afika. Tsiku lina anabwera ndi kamwana ka mphaka m'thumba la jekete, koonda mafupa okhaokha, ati anakatola kudepoti kakulira pansi pa basi.

"Tenga," anatero. "Iwe sulankhula, akanso sikalankhula. Muzimvana bwino."

Anamvanadi. Kusukulu Kachete anali uja wokhala kumbuyo, amene aphunzitsi akamuloza mtima umagunda mpaka m'makutu, yankho ali nalo koma lilime litauma gwa. Zonse zimene zinkamukanika kunena masana ankakamuuza Phulusa akafika kunyumba, nkhope atayikwirira m'ubweya wake. Phulusa sankamufunsa kuti abwereze mokweza.

Sitiroko inawagwetsa bambo aja m'bafa, Kachete atangomaliza kumene mayeso ake otsiriza. Atabwerako kuchipatala, dzanja lamanja linali lolendewera, mwendo wochita kukoka, khosi lowerama ngati la munthu amene akufunafuna singano pansi. Mawu anathawa onse. Ankatsegula pakamwa, koma chotuluka chinali mpweya ndi malovu basi. Mayi ankagwira ntchito kophikira buledi, kuchoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Choncho Kachete, amene ankangodikira zotsatira za mayeso, ndiye anatenga udindo wowapukuta kumaso, kuwadyetsa ndi supuni, ndi kuwakhazika pampando wa pazenera loyang'ana kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kunalibe zambiri. Kabwalo kadothi, mpanda wa njerwa, chingwe choyanikapo zovala, mtengo wa magwafa pakona, ndi maluwa amene mayi anabzala m'matayala akale a basi, atawandanda pansi pa zenera. Maluwawo anali atawirira mpaka kuphimba matayala.

Mumtengo muja munkabwera apumbwa awiri. Mmodzi anali ndi mchira wopindika, ngati kuti wina anautsekera pachitseko, ndipo ndiye anali wolongolola. M'mawa wina, Kachete akutsuka kapu, pumbwayo anaimba, ndipo m'chipinda chochezera munatuluka kaphokoso koyankha. Mpweya unali wambiri, mluzu pang'ono chabe, koma unali mluzu. Kapu inamupulumuka m'manja.

Namwino amene ankabwera kudzawaongola miyendo atamva, anawomba m'manja. "Chilichonse chowachititsa kugwedeza milomo, chitani chomwecho. Kaya ndi mbalame, kaya ndi wailesi. Pakamwa pakayamba kugwira ntchito, mawu amabwera pambuyo."

Vuto linali khosi lija. Bambo ankamva mbalame koma sankaziona, chifukwa maso awo sankafika mumtengo. Chimene ankaona chinali dothi la pafupi ndi maluwa, mwina ndi mapazi a munthu woyanika zovala. Kachete anaganiza yekha, osauza munthu. Anatenga mbale yachitsulo yosupuka m'mbali, n'kuthiramo madzi, pambali pake n'kuwazapo nyenyeswa za buledi, amene m'nyumbamo sankasowa. Poyamba anayiika pamwamba pa mpanda. Mbalame zinabwera, koma bambo sanazione. Anayitsitsira pachidebe chovundikira. Anaona michira yokha. Pamapeto pake anayiika pansi penipeni, m'mbali mwa matayala a maluwa, pamene maso a bambo ankagwera okha popanda kuvutikira.

Zinayamba mpheta, zamantha, kujompha kamodzi n'kuthawa. Kenako anatera pumbwa wa mchira wopindika uja, mwamatama, n'kuthamangitsa mpheta zonse, n'kulowa m'mbale kusamba, madzi kuwazikira pagalasi. Bambo anagwedezeka pampando. Milomo inalimbana kwa kanthawi, ndipo mawu anatuluka, olemera, okhota, koma omveka.

"Wa... bwera."

Madzulo amenewo mayi analira ataimirira, chikwama chikadali paphewa. Anamugwira Kachete kumutu ndi manja onunkhira ufa. "Mwana iwe! Mwana iwe, nzeru zimenezi umazibisa kuti?" Kachete anangoyang'ana pansi, makutu akutentha. Chibadwire anali asanayamikiridwepo chonchi.

Pasanapite nthawi pumbwayo anapatsidwa dzina. Bambo analimbana nalo m'mawa wonse, "Ko... Konda...", mpaka Kachete anazindikira n'kuseka mokweza, iye mwini n'kudzidabwa. Kondakitala. Anafananadi ndi uja ankayenda nawo pabasi: waphokoso, wofika osapereka moni, wongotolera zake n'kumapita. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali ndi ntchito yake. Kondakitala akaimba, bambo ayankhe. Mawu ena anayamba kutsatira, amodziamodzi: madzi, tseka, iwe, ayi.

Masana, dzuwa likachoka pazenera, inali nthawi ya Phulusa. Ankadumphira pamiyendo pa bambo n'kudzipinda pamwamba pa dzanja lakufa lija, limene nthawi zonse linkazizira ngakhale kunja kutenthe bwanji. Bambo ankamusisita ndi dzanja lamanzere mpaka onse awiri n'kuwodzera.

Koma Phulusa anali mlenje, ndipo Kachete ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Kuyambira kalekale ankapeza mphatso pakhomo la chipinda chake: buluzi wopanda mchira, nalimata wophwanyika mutu, chiwala, tsiku lina chule amene anali akupumabe. Mphaka ankakhala pambali, atanyada, kudikira kuyamikiridwa. Sankadya n'komwe. Chakudya ankapatsidwa chokwanira, mimba ili phwii. Ankangopha.

Mbale ija itatsikira pansi, mphatso zinasintha. Yoyamba inali mpheta, kakang'ono, kopepuka ngati tsamba, maso otseka theka. Kachete anakakulunga m'pepala n'kukakwirira kuseri kwa mtengo wa magwafa. Inabwera ina. Inabweranso ina. Iye ankadzuka msanga, kusesa nthenga mayi asanatuluke kubafa.

Amene anagwira nkhaniyi anali azakhali ake, mlongo wawo wamkulu wa bambo, amene ankabwera masiku ena kudzathandiza kuchapa. Anali mayi wa mawu aakulu, wachifundo m'manja koma wakuthwa pakamwa, ndipo amphaka sankawafuna ngakhale kuwaona. Tsiku limenelo analowetsa tsache pansi pa bedi la Kachete, tsache n'kutuluka ndi phiko la mpheta ndi kamutu.

Anadikira mpaka mayi atabwera, onse atakhala patebulo. Kenako anatulutsa kapepala n'kukafunyulula pakati pa mbale.

"Alamu, taonani ndiwo zimene akuphika mwana wanu kuchipinda."

"Ii, alamu, tikudya!"

"Idyani mukuona. Chigawenga chanu chija chayamba mbalame. Lero ndi aka, mawa ndi uja wa achimwene. Ndiye mudzati chiyani? Munthu wayamba kumene kutsegula pakamwa."

Mayi anatembenukira kwa Kachete. "Ndi koyamba?"

Kachete anayang'ana supuni yake.

"Ndikufunsa iwe. Ndi koyamba?"

Kachete anagwedeza mutu pang'ono, mwa njira yoti munthu akhoza kumva chilichonse chimene akufuna.

"Mwamuona?" anatero azakhali. "Iyeyu ndi mphaka wake ndi amodzi. Onse amayenda mwakachetechete."

Mayi anapukusa mutu, kutopa kuli m'maso. "Tamvera, mwana wanga. Ine mphakayu ndilibe naye mlandu. Koma bambo ako ndi bambo ako. Akangogwiranso mbalame ina, imodzi yokha, akuchoka pano. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Bambo anali pomwepo, kumapeto kwa tebulo, thaulo lili pachifuwa. Palibe amene anawayang'ana.

M'mawa mwake Kachete anafufuza m'kabati mpaka anapeza kabelu kamene kankalendewera pamakiyi a basi. Anakamangirira pakansalu kofiira n'kumuveka Phulusa m'khosi. Mphaka anazungulirazungulira, kukanda, kugubuduzika, kabelu kakungolira ngeli ngeli nyumba yonse. Azakhali anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ha! Wakuba mwamugulira wailesi. Chabwino, tione."

Kwa kanthawi zinaoneka ngati zatheka. Phulusa akangosuntha, mpheta zonse pululu, kuthawira pampanda. Pakhomo la chipinda panalibenso mphatso. Kachete anayamba kupuma bwino.

Kenako tsiku lina akuyanika malaya a bambo, anaona chinthu chimene sankachiyembekezera. Phulusa ankadutsa m'mbali mwa khoma, mimba ikukhudza pansi, chibwano atachikanikiza pachifuwa, kabelu katapanikizika m'ubweya. Mwendo umodzi, kuima. Mwendo wina, kuima. Panalibe phokoso ngakhale pang'ono. Analowa m'maluwa a m'matayala aja n'kuzimiririka, kungotsala maso awiri pakati pa masamba. Kuchokera pamenepo kufika pambale panali pongodumpha kamodzi.

Apa m'pamene Kachete anaona bwinobwino chimene anachita. Mbale ija sanaikire bambo okha. Anatengera mbalame kumtunda kumene zinali zotetezeka, n'kuzitsitsira pakhomo penipeni pa mlenje, n'kumupatsanso pobisalira. Anamuwombera m'manja Phulusa, mphaka n'kutuluka mwaulesi, kabelu kakulira ngati palibe chimene chachitika.

Tsiku lonse nkhaniyi inamuzungulira m'mutu. Akakweza mbale, bambo samuonanso Kondakitala, ndipo aliyense afunsa chifukwa chake. Akanena chifukwa chake, ndiye kuti wanena kuti belu silikugwira ntchito, ndipo azakhali sachedwa. Akazula maluwa, ndi maluwa a mayi, ndipo funso likhala lomwelo. Kangapo konse anafika pakhomo la khitchini, mayi atawerama akutsuka mapoto, mawu ali kale pakhosi. "Amayi..." "Ee?" "Sopo watsala pang'ono." N'kubwerera.

Anasankha njira imene sinkafuna kulankhula. M'mawa uliwonse, nthawi ya mbalame, ankamutsekera Phulusa m'chipinda chake, n'kumutsegulira dzuwa likakwera. Mphaka ankalira, kukanda chitseko, koma Kachete ankatsegula wailesi ya kukhitchini kuti zisamveke. Anadziuza kuti zikhala bwino. Anadziuza kuti chitseko n'chokwanira.

Linali tsiku lochapa, azakhali anafika molawirira. Kachete anali atawakhazika kale bambo pazenera, mbale atadzaza, ndipo anali atagwada kuwamanga mabatani a malaya, ntchito yochedwa chifukwa dzanja lakufa lija linkafuna kulowetsedwa mosamala. Kukhonde la m'kati anamva mawu a azakhali.

"Chipinda ichi chikununkha mphaka ngati khola! Mtsikana wamkulu ngati iwe, osatsegula ngakhale zenera? Ndikutenga zofunda izi."

Kachete anamva chitseko. Anamva kabelu, ngeli ngeli ngeli, kuthamangira kukhomo lakuseri limene linali lotsegula chifukwa cha zochapa. Kenako sanakamvenso.

Akanatha kukuwa. Pambuyo pake ankabwerera pamenepa nthawi ndi nthawi. Akanatha kungoti, azakhali, mugwireni! Koma anati amalize kaye batani limene linali m'zala zake, kenako atuluke mwakachetechete, akamunyamule, munthu asadziwe. Batani linakana kulowa. Kunja Kondakitala anatera pambale ndi phokoso lake lija, ndipo bambo anakoka mpweya kuti amuyankhe.

Chimene chinatuluka sichinali mluzu.

"Ayi! Ayi! Ayiii!"

Chiyambire kudwala anali asanakuwepo choncho. Thupi lonse linatsamira kutsogolo, dzanja lamanzere likumenya galasi, mpaka mpando unatsala pang'ono kugwa. Kachete anatuluka osadziwa kuti wadutsa pati. Mbale inali itagudubuzika, madzi akulowa m'dothi. Phulusa anali pansi pa chingwe cha zovala, mbalame ili kukamwa, phiko limodzi likupupuma pankhope pake. Sanathawe. Anabwera yekha kwa mwini wake, mchira uli m'mwamba, n'kuyiika pamapazi pake.

Kachete anagwada n'kuyitola. Inali yotentha, yonyowabe ndi madzi osamba. Kamtima kankagunda m'chikhatho chake mofulumira kwambiri, kenako mwapatalipatali. Kukamwa kunatseguka kawiri popanda mawu. Mchira wopindika uja unanjenjemera n'kuleka. Magazi sanali ambiri, kadontho chabe pakhosi.

Atakweza maso, bambo anali kumuyang'ana kudzera pagalasi. Pamalo pamenepo m'pamene maso awo ankafika bwino. Iye mwini ndiye anapasankha.

"Ndinanena ine!" Azakhali anali pakhomo, zofunda zili m'manja. "Ndinanena kapena sindinanene? Bweretsa thumba. Bweretsa thumba, ndikamutaye ndekha kutali komwe sangabwerereko!"

Kachete anamunyamula Phulusa ndi dzanja limodzi, mbalame ili m'dzanja linalo, n'kukadzitsekera m'chipinda. Azakhali anagogoda, anakalipa, kenako anapita kukawatonthoza achimwene awo. M'chipindamo mphaka anakhala pabedi n'kuyamba kudzinyambita mapazi, mmodzimmodzi, mosamala. Kachete ankafuna kumumenya. Ankafunanso kubisa nkhope m'ubweya wake n'kumuuza zonse, koma pakamwa pa mphakayo panali patamatirira kanthenga.

Masana bambo anakana kudya. Supuni ikafika, ankatseka milomo n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Mayi atabwera, azakhali anawalandira ndi nkhani pageti pomwe. Anakhala m'chipinda chochezera, azakhali akulankhula, mayi akumvetsera atagwira tsaya. Kachete anatuluka n'kuima pafupi ndi kabati. Ulendo uno mawu anatuluka, onse nthawi imodzi, osalongosoka.

"Ndi mbale, amayi. Ndinayiika pafupi ndi maluwa. Amabisala m'maluwamo. Belu analizolowera, amayenda osaliliza, ndinamuona ine. Ndinamuona kalekale. Ndimafuna ndikuuzeni koma... Si iyeyo, iye sadziwa kanthu. Ndikweza mbale. Ndizimutsekera tsiku lonse. Chonde, amayi."

Azakhali anatsegula pakamwa, koma mayi anakweza dzanja.

"Mbale ija tonse timaiona," anatero mayi pang'onopang'ono. "Ine ndemwe ndinakuyamikira. Nane sindinaganize. Koma iwe unaona, mwana wanga, n'kukhala chete. Pakamwa pako pamatidyetsa zowawa nthawi zina." Anapuma. "Sindikumenya, sindikukalipira. Koma bambo ako aziona mphaka ameneyu tsiku ndi tsiku akudutsa pamaso pawo? Ataona zimene aonazi?"

"N'zimene ndikunena ine," anatero azakhali. "Thumba."

"Thumba ayi, alamu. Ndi chamoyo. Kuntchito kwathu makoswe atisautsa mosungira ufa, akapitawo akhala akufunafuna mphaka. Mawa upite naye wekha. Kumeneko akapha, azimuyamikira."

Nkhani inathera pomwepo. Bambo anali pampando wawo, msana uli kwa iwo, nkhope ili kuzenera kumene kunali kutayamba kuda.

M'mawa Kachete anaboola timabowo pakatoni n'kumuikamo Phulusa pamodzi ndi juzi yake yakale ya kusukulu. Anayenda kumbuyo kwa mayi, katoni atayikumbatira pachifuwa. Anadutsa pokonzera njinga, pogulitsira nyama pamene ankatsuka pakhonde, pamalo okwerera basi pamene makondakitala ankakuwa kuitana anthu. M'katonimo mphaka ankalira mawu amene Kachete anali asanawamvepo, aatali, ochokera m'mimba, ndipo kamwendo kankatuluka pabowo n'kumukola bulauzi. Mwana wina wa sukulu analoza n'kuseka. Kachete anayang'ana zidendene za mayi ake njira yonse.

Kophikira buledi analowera khomo lakumbuyo. Kunali kutentha kwa mauvuni, phokoso la makina okandira ufa, mathireyi akuda ataunjikidwa mpaka m'mapewa. Akapitawo anali bambo wamfupi, wonenepa, nsidze zoyera ndi ufa.

"Ndiye wantchito watsopanoyu? Amadziwa ntchito, kapena ndi aja ongodya n'kugona ngati anyamata angawa?"

"Tamva, bwana!" anakuwa wina kuchokera kuuvuni.

"Ndimafuna mumve! Nanga, mtsikana, amagwira?"

"Amagwira," anatero Kachete, mawu ali pansi.

"Ati chiyani?"

"Akuti amagwira," anayankha mayi, akumanga epuloni. "Musakayike."

Chipinda chosungira ufa chinali chozizira, chopanda zenera, matumba atasanjidwa pamatabwa, babu limodzi likulendewera kudenga. Pakona panali thumba lobooka, ufa utatayikira pansi, timapazi ta makoswe titalembalemba pamenepo. Kachete anagwada n'kutsegula katoni. Phulusa anatulutsa mutu, makutu atagona, kenako mphuno inayamba kugwira ntchito.

"Belulo muvule," anatero akapitawo. "Kuno sitichenjeza akuba."

Mfundo ya kansalu inali itamangika kwambiri. Kachete anachita kumasula ndi mano, nkhope yake itagunda ubweya wofunda uja, ndipo anachedwa dala. Ankafuna kunena kanthu, koma akapitawo anali ataima pakhomo. Belu litachoka, Phulusa anadzigwedeza, anatsika, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa matumba, mimba pansi, chibwano atachikanikizabe pachifuwa ngakhale panalibenso choti abise. Analowa pampata wa matumba awiri. Mchira unatsalira pang'ono, kenako nawo unalowa.

"Eya, ameneyu ndi katswiri," anatero akapitawo. "Uzibwera kudzamuona. Tseka chitseko, angakutsatire."

Sanamutsatire.

Atafika kunyumba anapeza azakhali atawakhazika kale bambo pazenera, iwo ali kubafa kuchapa, osaimba nyimbo monga ankachitira. Kachete anatola mbale ija, anayitsuka, anayiboola m'mbali ndi msomali, n'kuyipachika ndi waya pachingwe cha zovala, pamwamba, kutali ndi maluwa ndi mpanda, poti ngakhale mphaka wa anthu oyandikana nawo sangafikepo. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi imene munthu amamwera tiyi. Anaima n'kumayiyang'ana ikuzungulira pang'onopang'ono.

Mumtengo wa magwafa pumbwa wotsala uja ankaitana. Ankaimba, n'kudikira, n'kuimbanso. M'nyumba munalibe woyankha.

Masana bambo analandira masupuni ochepa. Dzuwa litachoka pazenera, Kachete anaona dzanja lawo lamanzere likuyenda. Linafika pamiyendo, linasisita bulangete, linakwera padzanja lakufa lija, linafufuza uku ndi uku. Kenako linamenya pantchafu kawiri, mmene ankachitira poitana.

"Phu..." Milomo inalimbana. "Phulu..."

Kachete anawayandikira. "Wapita, bambo. Ndakamusiya kuntchito kwa amayi."

Kubafa madzi ankatayika. Kenako bambo anayamba kukoka mpweya, nkhope ikukwinyika mbali imodzi, mitsempha ya pakhosi itatuluka, ngati munthu amene akukankha basi yozima yekhayekha.

"Ine... si... sindi... nanene."

Chiyambire kudwala, anali asanalumikizepo mawu awiri. Tsiku lina lililonse Kachete akanathamanga kukaitana azakhali, mayi akanalira madzulo. Koma anangoima, manja ali lende. Zinali zoona. Onse analankhula, ngakhale iye amene salankhula analankhula, ndipo palibe amene anazungulira mpandowo kukawafunsa eni ake.

"Ndikamutenge?" anafunsa motsitsa.

Bambo anayang'ana kunja, pamalo pamene mbale inkakhala, pamene kanthenga kamodzi kanali katakodwa patsamba la duwa. Anayang'ana pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatseka maso n'kupukusa mutu, pang'ono kwambiri. Dzanja lamanzere linapitirizabe kusisita bulangete.

Kachete anakhala pansi pafupi ndi mpando. Anatenga dzanja lozizira lija n'kuliika pakati pa manja ake awiri. Linali lolemera, ndipo manja ake sanali ofunda ngati mimba ya mphaka. Posuntha, kabelu kanalira m'thumba la siketi yake. Bambo anatsegula maso msanga n'kuyang'ana kukhomo. Kachete anakagwira ndi chigongono kuti kasalirenso.

Patapita nthawi, chingwe cha zovala chinagwedezeka. Kuchokera pansi pamene anakhala, Kachete ankaona bwino: pumbwa uja anali atatera m'mbali mwa mbale, akuyang'ana uku ndi uku, mbale ikupendama ndi kulemera kwake. Bambo anamva mapiko. Anayesa kukweza mutu, khosi linanjenjemera, linakwera pang'ono, n'kugwanso.

Kachete ananyambita milomo.

"Wabwera mnzake uja, bambo," anatero. "Watera pambale. Akuyang'ana kumaluwa. Sanamwe... akuyang'anabe. Tsopano waweramitsa mutu."

Mluzu wa bambo sunamveke. Koma sanatembenuzire nkhope kukhoma, choncho Kachete anapitiriza kuwauza.